Kusankha kamera ya DSLR yogwirira ntchito kuno kuchigwa cha Shire: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amandipeza kawirikawiri kuchokera kwa achinyamata a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, amene ayamba kupezako kangachepe pojambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mabungwe, ndipo akufuna kamera yeniyeni yantchito ya mtundu wa DSLR, yosintha malenzi ndiponso yokhala ndi kalilole m'kati. Ambiri amabwera atakopeka kale ndi zomwe aona pa YouTube. Amene amakamba za makamera kumenekowo sagwira ntchito padzuwa la Okutobala ku Ngabu, ndipo kamera yawo ikawonongeka amakaikonzetsa tsiku lomwelo. Ife kuno zathu ndi zina. Kamera yabwino kwa inu ndi imene ingamalize ntchito yomwe mwalandirira ndalama, pa kutentha ndi fumbi lathuli, osakuchititsani manyazi pamaso pa eni mwambo.

Ndigule Canon kapena Nikon?

Onse awiri amapanga makamera amene adyetsa mabanja a ojambula ambirimbiri. Munthu akakuonetsani chithunzi chotsukidwa bwino, simungadziwe kuti chachokera ku kamera iti. Funso lofunika ndi lakuti: anzanu amene mumagwira nawo ntchito ali ndi mtundu uti? Wakabaza wanzeru amagula njinga yomwe zipangizo zake zimapezeka pamsika wa Nchalo, ndipo pa kamera ndi chimodzimodzi. Batire likakutherani paukwati ku Dyeratu, mnzanu wokhala ndi mtundu womwewo ndiye angakupulumutseni. Mungabwerekanenso malenzi ndi mafulashi.

Dziwani kuti mukasankha mtundu, mwasankhanso malenzi ake. Malenzi a Canon a EF, amene adayamba m'chaka cha 1987, salowa pa Nikon, ndipo a Nikon a F, amene adayamba mu 1959, salowa pa Canon popanda cholumikizira chomwe chimachotsa zambiri mwa ntchito zake. Kusintha mtundu pambuyo pake ndi kugulitsa zonse motchipa ndi kuyambiranso. Pentax nayo ili ndi makamera olimba monga K-1, koma kuno mudzavutika kupeza wobwerekana naye ngakhale chivindikiro cha lenzi.

Kodi full frame ndi crop zimasiyana pati?

Kusiyana kwake kuli pa kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera. Ya full frame ndi yaikulu mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, mofanana ndi filimu yakale ija. Ya crop ndi yocheperapo, motero imaona gawo lapakati lokha la zomwe lenzi yabweretsa. Pa Nikon mumachulukitsa nambala ya lenzi ndi 1.5, pa Canon ndi 1.6. Lenzi ya 50mm pa Canon 7D Mark II imaona ngati ya 80mm.

Sensa yaikulu imatola kuwala kochuluka, choncho m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono kapena muholo magetsi atathima, chithunzi chimatuluka choyera bwino, chopanda timadontho tambiri. Imathandizanso kufafaniza zakumbuyo kuti mkwatibwi aoneke yekha. Sensa yaing'ono ubwino wake ndi kuyandikitsa zakutali, ndipo makamera ndi malenzi ake sakwera mtengo kwambiri.

Chenjezo kwa amene muli kale ndi malenzi: a Canon olembedwa EF-S salowa n'komwe pa full frame monga 5D kapena 6D. A Nikon olembedwa DX amalowa, koma kamera imadula chithunzi n'kugwiritsa ntchito mbali yochepa ya sensa.

Ntchito yanga yaikulu ndi maukwati ndi zinkhoswe. Ndiyang'ane ziti?

Choyamba chimene ndimayang'ana si mamegapikiselo (kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi), ndi malo olowetsa makhadi osungira zithunzi. Kamera yantchito iyenera kukhala ndi malo awiri, kuti chithunzi chilichonse chizilembedwa pa makhadi awiri nthawi imodzi. Khadi limatha kufa popanda chenjezo, makamaka makhadi achinyengo amene adzaza m'misika. Ukwati subwerezedwa. Banja lagulitsa ng'ombe, achibale abwera kuchokera ku Blantyre ngakhale ku Mozambique kudzera pa Marka, ndiye inu mukawauze kuti zithunzi zafufutika? Mbiri yotero imafika ku Bangula inu musanafike kunyumba.

Pa chifukwa chimenechi, kwa amene akugula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ndimatchula ziwiri. Nikon D750 idatuluka mu 2014, ili ndi mamegapikiselo 24, malo awiri a makhadi a SD, ndi sikirini yopendekeka imene imathandiza nthawi ya perekaniperekani, pamene anthu aunjikana ndipo muyenera kukweza kamera pamwamba pa mitu yawo. Ndi yopepukirapo, ndipo imagwira fokasi bwino m'malo a mdima. Canon 5D Mark III ndi ya 2012, mamegapikiselo 22, thupi lolimba kwambiri, timalo ta fokasi 61, ndipo imalandira khadi la CF limodzi ndi la SD limodzi. Makhadi a CF sapezeka wamba, ndiye muwagule pamodzi ndi kamera.

Ngati thumba likulola, Canon 5D Mark IV ya 2016 ndi Nikon D780 ya 2020 ndi zoposa zimenezi pa zambiri, makamaka pa vidiyo.

Canon 6D ndi 6D Mark II zimatulutsa zithunzi zokongola ndipo mtengo wake umakopa, koma zonse zili ndi malo a khadi limodzi lokha. 6D yoyamba ija ili ndi timalo ta fokasi 11 tokha, ndipo kodalirika kwambiri mumdima ndi kapakati. Pojambula anthu oima mungakhutire nayo. Operekeza akwati akayamba kuvina masitepi akubwera kwa inu, zithunzi zambiri zimaphonya. Sindikuti musaigule, koma mudziwe zomwe mukulolera.

Anzanga akuti nditenge Nikon D850 chifukwa ili ndi mamegapikiselo 45. Akunena zoona?

D850, ya chaka cha 2017, ndi imodzi mwa ma DSLR abwino kwambiri amene adapangidwapo, ndipo sindingainyoze. Koma taganizani komwe zithunzi zanu zimathera. Zambiri zimapita pa WhatsApp ndi Facebook, zina m'maalubamu, zingapo m'mafulemu apakhoma. Mamegapikiselo 24 amakwanira zonsezi mpaka chithunzi chachikulu chapabalaza. Chithunzi chimodzi cha RAW (chosunga zonse zimene sensa yatola) cha D850 chimadya malo pafupifupi kawiri poyerekeza ndi cha D750, ndiye mufunika makhadi akuluakulu, hard drive ina ndi laputopu yamphamvu. Sensa yotereyi imaululanso zofooka za lenzi yotchipa ndi kunjenjemera kulikonse kwa dzanja.

Ngati mumajambulira mabungwe kapena makampani amene amasindikiza zikwangwani zikuluzikulu, kapena mumajambula mbalame zomwe zimafuna kudula chithunzi kwambiri, pamenepo ndalamayo ili ndi chifukwa.

Ndikajambula masana, diresi la mkwatibwi limayera mbee koma nkhope zimada. Kamera yodula ingathetse zimenezi?

Ili ndi funso limene limandikhudza kwambiri, chifukwa ndi vuto lathu lenileni, ndipo mabuku ambiri a makamera salikamba mokwanira. Ukwati ukatuluka m'tchalitchi nthawi imakhala itakwana 11 koloko kapena 12, dzuwa lili paliwombo. Mkwatibwi wavala zoyera, mkwati wavala suti yakuda, khungu lathu ndi lakuda, ndipo pansi pa maso pagwa mthunzi. Kamera ikayeza kuwala kwa diresi, nkhope zimamira. Ikayeza nkhope, diresi limapsa, maluwa ndi mikanda yake yonse osaonekanso. Mayi a mkwatibwi amene adalipira telala saiwala zimenezo.

Makamera amasiyanadi pa kuthekera kosunga zowala ndi zamdima m'chithunzi chimodzi. D750, D810 ndi D850 zimalola kuti mujambule moteteza diresi, kenako pa kompyuta n'kuwalitsa nkhope popanda kuwononga chithunzi kwambiri. 5D Mark III mukaikoka motero, m'malo amdima mumayamba kuoneka timizere ndi timadontho tamitundumitundu. Canon idakonza zimenezi ndithu pa 5D Mark IV. Koma zonsezi zimatheka mukajambula mu RAW. JPEG, imene ndi chithunzi chopanikizidwa kale m'kamera, imataya zambiri isanafike n'komwe pa khadi.

Komabe njira yoyamba si kamera. Atengereni akwatiwo pamthunzi wa mtengo wa nimu kapena wa mango, atembenuzeni kuti dzuwa likhale kumbuyo kwawo, ndipo muwalitse nkhope ndi fulashi kapena chowalitsira choyera. Apa pali nambala ziwiri zoti mudziwe. Fulashi wamba imayendera limodzi ndi shata, kachitseko kotseguka kanthawi kuti kuwala kufike pa sensa, mpaka 1/200 ya sekondi pa D750 ndi ma 5D, ndipo 1/250 pa D850, D500 ndi 7D Mark II. Padzuwa lathuli liwiro limeneli ndi lochepa, choncho mugule fulashi yokhala ndi HSS, imene imalola fulashi kugwira ntchito shata ikuthamanga kuposa pamenepo. Nambala ina ndi liwiro lomaliza la shata: D750 ndi ma 6D zimalekera pa 1/4000, pamene 5D Mark III, 5D Mark IV, D780 ndi D850 zimafika 1/8000. Mukafuna kutsegula lenzi mpaka f/1.8 masana kuti kumbuyo kufafanizike, 1/4000 nthawi zambiri siikwanira, ndipo muyenera kuvalika lenzi galasi lochepetsa kuwala lotchedwa ND.

Ndikufuna kujambula nyama ku Majete ndi Lengwe, komanso mbalame ku Elephant Marsh. Yankho ndi lomwelo?

Ayi. Apa kamera ya crop ndiyo imapambana pa ndalama zomwezo. Nikon D500 ya 2016 ndi Canon 7D Mark II ya 2014 zidapangidwira ntchito imeneyi: zonse zimajambula zithunzi 10 pa sekondi, matupi ake ndi olimba ndipo zili ndi malo awiri a makhadi. D500 ili ndi timalo ta fokasi 153 ndipo imatsata bwino chinthu chothamanga. Mukaiphatikiza ndi lenzi ya Nikon ya 200-500mm, mumaona ngati muli ndi 750mm. Pa Canon, lenzi ya 100-400mm pa 7D Mark II imafika ngati 640mm. Sigma ndi Tamron nazo zili ndi malenzi a 150-600mm a mitundu yonse iwiri.

Ntchitoyi ndi yofunika kuiganizira mozama. Kuyambira pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira Majete mu 2003, kwabwerera zipembere, njovu, mikango mu 2012 ndi akadyansonga mu 2018, ndipo alendo amabwera kudzaziona. Elephant Marsh idazindikiridwa ngati dambo lofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar mu 2017. Zithunzi zambiri za malo amenewa zimajambulidwa ndi anthu ochokera kutali, pamene mwana wa ku Chikwawa ndiye amadziwa nthawi yomwe nyala zimabwera kudzamwa madzi ku Lengwe ndi komwe nkhwazi imakonda kutera. Ndimalakalaka achinyamata athu atalowamo.

Nyala zimakonda m'zitsamba zowirira ndipo zimatuluka m'mamawa ndi madzulo, kuwala kukadali kochepa, ndiye musaope kukweza ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, ngakhale imabweretsa timadontho. Chithunzi cha timadontho n'chabwino kuposa chogwedezeka. M'bwato ku dambo, kamera izikhala m'chikwama chosalowa madzi mpaka nthawi yojambula.

Kutentha, fumbi ndi chinyezi zingaiwononge?

Inde, ndipo makamera ambiri kuno amafa ndi zimenezi shata isanakalambe. Mabuku a makamerawa amanena kuti adapangidwa kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40. Mu Okutobala ndi Novembala, ku Ngabu ndi Nsanje kumatentha kuposa pamenepo. Kamera siifa nthawi yomweyo, koma thupi lake lakudalo limamwa dzuwa mpaka kuotcha m'manja, malabala ogwirira amayamba kumatuka, ndipo pojambula vidiyo imatha kuchenjeza n'kuzima yokha. Musaisiye m'galimoto yotseka kapena pa tebulo la padzuwa. Kathaulo koyera kofundika pamwamba pake kamathandiza kwambiri pamene mukudikira akwati.

Fumbi limalowa posintha lenzi. Mukakwera njinga yamoto kupita kumudzi wa kutsidya la Shire m'chilimwe, mumafika chikwama chili mbuu. Pukutani kunja musanatsegule chilichonse, sinthirani lenzi m'nyumba kapena m'galimoto, kamera itazimitsidwa ndipo kamwa lake litaloza pansi. Ichi n'chifukwa chake ndimakonda lenzi imodzi yogwira zambiri monga 24-105mm ya Canon kapena 24-120mm ya Nikon pa zochitika zapabwalo, kuti kamera isamatsegulidwetsegulidwe. Gulani kapampu kopemerera fumbi. Musapemerere ndi pakamwa, ndipo sensa musaikhudze ndi nsalu kapena thonje.

Dzinja limabweretsa mdani wina, chuku. Kamera ikakhala m'chikwama chotseka m'nyumba ya chinyezi, m'kati mwa magalasi a lenzi mumamera timizu toyera tonga ukonde wa kangaude, ndipo tikakhalitsa timadya utoto wa galasi moti ngakhale wokonza sangabwezeretse. Sungani zida m'chidebe chapulasitiki chotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel, ndipo timapaketito muziumitsa pafupipafupi. Amene tidaona madzi a 2015, a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 tikudziwa kuti chidebecho malo ake ndi pamwamba, osati pansi pa bedi. Hard drive ya zithunzi za makasitomala ikhale ndi inzake yosungidwa kunyumba ina.

Mawu akuti kamera ndi yotetezedwa ku nyengo amatanthauza mvula yowaza ndi fumbi lochepa basi, ndipo lenzi nayonso iyenera kukhala ya mtundu wotetezedwa. Palibe imene imapirira kumira m'madzi.

Nanga mabatire, poti magetsi amavuta?

Apa DSLR ili pabwino, chifukwa mukamayang'anira pa kagalasi ka diso siidya moto wambiri. Pa kayezedwe ka opanga, batire limodzi la 5D Mark IV limajambula zithunzi pafupifupi 900, la D750 zoposa 1,200, ndipo la D780 zoposa 2,000. Khalani ndi mabatire atatu. Pali machaja a USB a mabatire a LP-E6 a Canon ndi EN-EL15 a Nikon amene mungalumikize ku power bank kapena ku sola, ndipo kumudzi kopanda magetsi amenewa ndiwo amapulumutsa. Batire lotupa litayeni, lingakanirire m'kamera.

Makasitomala amafunanso vidiyo. Kamera imodzi ingagwire zonse?

Ingagwire, koma si zonse zimene zimatsata fokasi bwino pa vidiyo. Ma Canon okhala ndi njira ya fokasi yotchedwa Dual Pixel, monga 5D Mark IV, 6D Mark II ndi 90D, amatsata nkhope mosavuta. Kwa Nikon, D780 ndiyo imachita bwino. D750 ndi 5D Mark III zimafuna kuti fokasi muziyendetsa ndi dzanja. Makamerawa amadukizanso kujambula asanakwanitse mphindi 30, ndiye ulaliki wautali kapena malangizo a ankhoswe muyenera kukhala tcheru kuyambitsanso. Ndipo anthu amakhululuka chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka sakhululuka. Gulani maikolofoni yapadera.

Ndamva kuti DSLR zikutha, aliyense akupita ku mirrorless. Sindikutaya ndalama?

N'zoona kuti Canon ndi Nikon zidatembenukira ku mirrorless, makamera opanda kalilole m'kati, kuyambira 2018, pamene zidatulutsa makamera a RF ndi a Z, ndipo ma DSLR awo akuluakulu omaliza, 1D X Mark III ndi D6, ndi a 2020. Kwa ife zimenezi zili ndi ubwino wake: ojambula akunja akugulitsa ma DSLR ndi malenzi abwino pa mtengo wotsika. Kamera imene inkajambula maukwati okongola mu 2016 sinaiwale ntchito yake. Malenzi amene mugule lero adzagwirabe pa mirrorless ya mtundu womwewo kudzera pa cholumikizira, EF-EOS R kwa Canon ndi FTZ kwa Nikon, ngakhale malenzi akale a Nikon opanda mota yawoyawo amataya fokasi yodziyendera pa FTZ. Chodetsa nkhawa ndi zipangizo zokonzera, zomwe zizisowa zaka zikamapita. Ngati ntchito yanu yambiri ndi vidiyo, yambirani pa mirrorless.

Ndikugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani?

Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene wangokuonetsani chithunzi pa Facebook. Kwerani basi, mukwere phiri mpaka ku Blantyre kapena Limbe, kamerayo muigwire m'manja. Tengani khadi lanu, laputopu, ndi mnzanu wodziwa.

Yambani ndi kuchuluka kwa zithunzi zomwe shata yajambula. Opanga adayeza shata ya D750, 5D Mark III ndi 5D Mark IV kuti ifike 150,000, ndipo ya D850, D500 ndi 7D Mark II 200,000. Zambiri zimapitirira pamenepo, koma yomwe yayandikira nambalayi itsike mtengo. Pa Nikon nambalayi imabisika m'chithunzi chilichonse ndipo pali masamba a pa intaneti oiwerengera. Pa Canon nthawi zambiri pamafunika kulumikiza kamera ku kompyuta ndi pulogalamu yapadera.

Kenako ikani lenzi pa f/16, kutanthauza kuchepetsa kabowo kake kolowera kuwala, mujambule thambo kapena khoma loyera, mukulitse pa laputopu. Timadontho tochepa ndi fumbi lochotseka, koma mzere wosasuntha ungakhale kukalika kwa sensa. Unikani m'lenzi ndi tochi ya foni kuti muone chuku. Yesani malo onse a makhadi, ndipo pa CF suzumirani ngati timawaya tam'kati sitidapindike. Dinani batani lililonse, zungulitsani mawilo onse, ikani fulashi pamwamba muone ngati ikuyaka. Tsegulani chitseko cha batire muyang'ane dzimbiri, lomwe ndi chizindikiro chakuti idalowapo madzi. Pemphani lisiti lokhala ndi nambala ya kamerayo, chifukwa zida zakuba zimayenda kwambiri. Ngati wachibale akukubweretserani kuchokera ku Johannesburg kapena ku UK, funsiranitu ku MRA za msonkho, muuwerengere pamtengo.

Ndalama zanga n'zochepa. Ndiziike pa kamera kapena pa lenzi?

Pa lenzi ndi pa kuwala. D750 kapena 5D Mark III yokhala ndi lenzi yabwino ndi fulashi idzakupatsani ntchito yoposa ya D850 yovala lenzi yotchipa. Musanafunse mtengo wa kamera, chotsanipo kaye ndalama ya lenzi ya 50mm f/1.8, imene ndi yotchipa koma yakuthwa kwambiri pa mitundu yonse iwiri, lenzi yogwira zambiri ija ya f/4, fulashi, mabatire, makhadi anayi enieni ndi hard drive. Yotsalayo ndiyo ya kamera. Ikapanda kukwana full frame, Nikon D7200 ya 2015 ndi ya crop koma ili ndi malo awiri a makhadi, ndipo ingakugwirireni maukwati mpaka mutasonkhanitsa zina. Kamera yanu yakale musaigulitse, muziitenga m'chikwama ngati yodikirira tsiku limene yaikuluyo idzakane kuyaka. Malenzi odula a 24-70mm ndi 70-200mm f/2.8 mudzagule ndi ndalama zochokera m'ntchito yomweyo.